Moyamoya: utsi wa m'ubongo ndi zomwe zimauyambitsa

Taganizirani mwana wa zaka 7 atakhala pamkeka m'mawa, mbale ya phala lotentha ili pamiyendo. Akuliuzira kuti lizizire msanga, fuu, fuu, mobwerezabwereza, chifukwa anzake akumudikira panjira ya kusukulu. Mwadzidzidzi supuni yagwa. Dzanja lamanja lalefuka ngati si lake, mwendo wa mbali yomweyo ukukana kumunyamula, ndipo akayesa kuitana amayi ake lilime likulemera. Pakutha pa mphindi 10 zonse zabwerera mwakale. Mwana watola supuni yake, wadya, wapita. Pakhomo wina akuti amangonamizira kuti ajombe, wina akuti alipo amene akumuseweretsa mwanayu, ndipo nkhani yathera pomwepo mpaka tsiku lina pamene zachitikanso atalira kwambiri kapena atathamanga.

Madokotala a ku Japan amachidziwa bwino chithunzi chimenechi. Kwawo mwana amakhala akuuzira zakudya zotentha za msuzi kapena akuimba chitoliro, koma chochitika m'mutu n'chimodzimodzi. Nthawi zambiri chimakhala chizindikiro choyamba cha matenda osowa a mitsempha ya magazi ya mu ubongo otchedwa moyamoya. Ndikufuna tione chomwe chimayambitsa matendawa, chifukwa ngakhale dzina lake ndi la kutali, khomo limodzi lomwe amalowera lili pakati pathu pomwe pano.

Ubongo umalemera pafupifupi magawo 2 okha pa 100 a thupi lonse, koma umagwiritsa ntchito pafupifupi magawo 20 pa 100 a okosijeni yomwe munthu amapuma. Ulibenso nkhokwe. Magazi akaima kwa mphindi zochepa chabe, maselo ake amayamba kufa. N'chifukwa chake umadyetsedwa ndi mitsempha ikuluikulu inayi. Iwiri imadzera kutsogolo kwa khosi, ndipo mukagwira m'mbali mwa kholingo mumaimva ikugunda. Madokotala amaitcha carotid. Iwiri inayo imakwera chakumbuyo, kudzera m'mafupa a khosi. Ikafika pansi pa ubongo, yonse imalumikizana n'kupanga mkombero womwe unapatsidwa dzina la dokotala wa ku England, Thomas Willis, amene anaufotokoza mu 1664. Ntchito ya mkomberowu ndi yoti njira imodzi ikavuta, magazi azungulire kudzera kwina.

Moyamoya amagwira pamalo ovuta kwambiri a dongosolo limeneli: kumapeto kwenikweni kwa mitsempha ya carotid ija, m'kati mwa chigaza, pamene umagawikana kukhala nthambi ziwiri zodyetsa kutsogolo ndi m'mbali mwa ubongo. Pamenepa mtsempha umayamba kuning'a pang'onopang'ono, kwa miyezi kapena zaka, kawirikawiri mbali zonse ziwiri, mpaka nthawi zina kutsekekeratu.

Aliyense amene anayendapo nyengo ya dzinja mlatho wa pamsewu waukulu utakokoloka amadziwa zomwe zimachitika. Magalimoto saima. Amapatukira m'timisewu ta fumbi ta m'midzi tomwe tinapangidwira njinga ndi ngolo, ndipo pakapita masiku tinjirato timakhala titakumbika. Ubongo nawo umachita zomwezo. Timitsempha tating'ono kwambiri ta pansi pa ubongo, tomwe mwa munthu wabwinobwino sitioneka n'komwe pa chithunzi, timatambasuka ndi kuchulukana kuti tilambalale pamene patsekekapo. Dokotala akathira mankhwala oonetsa mitsempha m'magazi n'kujambula, timitsemphati timaoneka ngati kamtambo ka utsi wa fodya kakuyandama m'mwamba. M'Chijapani chinthu chooneka mwa mbuu chotero amati moyamoya. Matendawa anayamba kulembedwa ku Japan mu 1957 ndi madokotala Takeuchi ndi Shimizu, koma dzinali linaperekedwa mu 1969 ndi Jiro Suzuki ndi Akira Takaku a ku yunivesite ya Tohoku, mumzinda wa Sendai.

Apa pali mfundo yomwe ndimaona kuti ndi yofunika kuigwira. Utsi womwe unapereka dzina uja si ndiwo matenda. Ndi thupi likuyesetsa kudzipulumutsa. Vuto lenileni lili pa mtsempha waukulu womwe ukuning'a, ndipo funso la chomwe chimayambitsa moyamoya ndi funso la chomwe chimaning'itsa mtsempha umenewo.

Anthu ambiri akamva za kutsekeka kwa mitsempha amaganiza za mafuta, BP, shuga, fodya ndi ukalamba. Izi n'zoona pa sitiroko yomwe timaiona mwa akuluakulu, koma pa moyamoya ayi. Akatswiri atayang'ana mitsempha ya odwala pa makina okulitsa zinthu, sanapeze mafuta omata m'makoma. Anapeza kuti khoma la m'kati lakhuthala chifukwa maselo a minofu, omwe malo awo ndi pakati pa khoma, achulukana n'kudzaza cham'kati, kumene magazi amadutsa. Khoma la pakati limene anachokako lapyapyala, ndipo mtsempha wonse, ukauyeza kuchokera kunja, wafota. Kunena kwina, si paipi yodzaza ndi zinyalala, koma paipi yomwe ikudzimanga yokha molakwika. N'chifukwa chake matendawa amagwira mwana wa zaka 5 amene sanadyepo zonona zambiri. Amaonekera kwambiri pa misinkhu iwiri, ana a zaka za pakati pa 5 ndi 10, ndi akuluakulu a zaka za m'ma 30 ndi 40, ndipo akazi amadwala pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi amuna.

Tibwerere kaye kwa mwana wa phala uja, chifukwa tsopano zake zikhoza kumveka. Munthu akamapuma mofulumira, kaya pouzira moto, polira mosisima kapena pothamanga, amatulutsa mpweya wa carbon dioxide wambiri kuposa nthawi zonse. Mitsempha ya mu ubongo imamvera kwambiri mpweya umenewu: ukachepa m'magazi, imafinyika. Kwa munthu wabwinobwino zimenezi zimangobweretsa kachizungulire. Koma ubongo wa mwana wa moyamoya umakhala ukulandira kale magazi ongokwanira, ndiye kufinyika pang'onoko kumasiya mbali ina ilibe chakudya. Dzanja limalefuka, mawu amasowa. Kupuma kukabwerera mwakale magazi amayambanso kuyenda, ndipo mphamvu zimabwerera. Tsiku lina sizibwerera, ndipo imeneyo ndiye sitiroko yosiya chilema. Kutha madzi m'thupi chifukwa cha kutsekula m'mimba kapena kutentha thupi kungachitenso chimodzimodzi.

Chinthu choyamba chomwe chinapatsa ofufuza poyambira ndi malo omwe matendawa amapezeka. Ku Japan, Korea ndi China ndi ochuluka kuposa kwina kulikonse. Kafukufuku wa pachilumba cha Hokkaido anapeza odwala pafupifupi 10 pa anthu 100,000 alionse, pamene kumadzulo kwa United States, m'zigawo za Washington ndi California, odwala atsopano pa chaka sanali kukwana mmodzi pa anthu miliyoni. Chachiwiri, ku Japan odwala 10 mpaka 15 pa 100 alionse amakhala ndi m'bale wawo wodwalanso. Zonsezi zinkaloza ku chibadwa.

Yankho linabwera mu 2011, pamene magulu awiri a ofufuza, lina la ku Tohoku ndi lina la ku Kyoto lotsogoleredwa ndi Akio Koizumi, analoza kachigawo kamodzi ka DNA pa kromozomu 17, umodzi mwa mitolo yomwe DNA imasungidwamo m'maselo. Kachigawo kotere asayansi amakatcha jini, ndipo mawuwa asasokonezedwe ndi majini a mizimu aja. Apa tikunena malangizo omwe mwana amatengera kwa bambo ndi mayi ake. Jini imeneyi dzina lake ndi RNF213. Imapanga puloteni yaikulu modabwitsa, yokhala ndi timagawo 5,207 tolumikizana ngati mikanda pa ulusi. Mwa odwala ambiri a ku East Asia, mkanda umodzi wokha, wa nambala 4810, ndi wosinthika, ndipo kusinthaku kumatchedwa R4810K. Kumapezeka mwa odwala pafupifupi 8 kapena 9 pa 10 alionse ku Japan, pafupifupi 8 pa 10 ku Korea, koma ochepa ku China. Maonekedwe a DNA yozungulira malowo akusonyeza kuti onsewa anatengera kwa kholo limodzi lakalekale. Mwana amene watengera kusinthaku kwa makolo onse awiri amadwala akadali wamng'ono kwambiri, ndipo matenda ake amakhala aukali.

Munthu angaganize kuti nkhani yatha pamenepa, koma m'pamene ikuyamba kukoma. Ku Japan munthu mmodzi kapena awiri pa 100 alionse oyenda mumsewu ali nako kusintha komweku, ndipo ali bwinobwino. Mwa onse okhala nako, amene amadwala moyamoya sakwana mmodzi pa 100. Mbewa za mu labotale zomwe anazichotsa jini imeneyi sizinadwale moyamoya pazokha. Ndiye kuti jiniyo ili ngati mbewu yosungidwa m'chikwatu: payokha simera, imafuna mvula ndi nthaka.

Mvula yake n'chiyani? Apa ofufuza akuyang'ana kwambiri ku chitetezo cha m'thupi. Zapezeka kuti thupi likamalimbana ndi tizilombo, mankhwala achibadwa otchedwa interferon amachititsa maselo kupanga puloteni ya RNF213 yochuluka. Ndipo mu 2021 gulu la Felix Randow ku Cambridge linasonyeza kuti puloteniyi imaika chizindikiro pa mabakiteriya a Salmonella olowa m'kati mwa selo, kuti selo liwazindikire n'kuwawononga. Choncho jini ya matenda a mitsempha ya mu ubongo yapezeka kuti ndi msilikali wolimbana ndi tizilombo. Maganizo omwe ambiri akuwatsata ndi oti munthu amabadwa ndi mitsempha yosachedwa kusokonezeka, kenako china chake, monga matenda a tizilombo kapena chitetezo choukira thupi lake lomwe, chimadzutsa puloteni yolakwikayo m'makoma a mtsempha. Malo omwe matendawa amakonda nawonso ali ndi chonena: pamphanda pamene carotid imagawikana, magazi amawomba khoma mwamphamvu usana ndi usiku, monga madzi amakumbira gombe pamene mtsinje ukukhota.

Kwa azungu kusintha kwa R4810K sikupezeka kwenikweni, ngakhale ena ali ndi kusintha kwa mtundu wina pa jini yomweyo. Palinso majini ena osowa kwambiri, monga GUCY1A3 ndi ACTA2, ndipo onse awiri amakhudza kagwiridwe ka ntchito ka minofu ya m'makoma a mitsempha, yomwe ija tinaipeza ikuchulukana pamalo osayenera.

Madokotala amasiyanitsa magulu awiri. Munthu akakhala ndi kuning'a kumeneku popanda matenda ena odziwika, amati ndi matenda a moyamoya enieni. Koma chithunzi cha utsi chomwecho chimapezekanso mwa anthu omwe ali ndi vuto lina lodziwika kale, ndipo pamenepo amati moyamoya syndrome. Ana obadwa ndi Down syndrome, vuto la chibadwa lochedwetsa kakulidwe ka thupi ndi nzeru, ali m'gululi. Momwemonso omwe ali ndi neurofibromatosis ya mtundu woyamba, matenda a chibadwa obweretsa timawanga tofiirira ndi timatuza pakhungu. Ana omwe anawotchedwa chotupa cha pansi pa ubongo ndi mphamvu ya radiation angayambe vutoli patapita zaka, makamaka ngati anali aang'ono kwambiri panthawiyo. Chithokomiro chogwira ntchito mopyola muyeso, chomwe amachitcha matenda a Graves, chimayenda nalonso, ndipo matenda oumitsa khosi, kuphatikizapo oyambitsidwa ndi TB, angasiye mitsempha ya pansi pa ubongo itaning'a mofananamo.

Koma pa zonsezi, chomwe chikutikhudza kwambiri ife ndi sickle cell.

Matendawa amachokera ku kusintha kumodzi pa jini yopanga himogulobini, chinthu chofiira chonyamula okosijeni m'magazi. Wotengera kwa kholo limodzi lokha sadwala, ndipo amatetezedwako ku malungo aakulu. N'chifukwa chake kusinthaku kunafala m'madera a malungo ngati kwathu kuno, ku Zambia, ku Mozambique, ku Tanzania ndi ku Congo. Wotengera kwa makolo onse awiri ndiye amadwala. Maselo ake ofiira, m'malo mokhala obulungira ndi ofewa, amapindika ngati zenga okosijeni ikachepa, amauma, ndipo amasweka msanga. Selo labwino limakhala masiku pafupifupi 120. La sickle cell limatha m'masabata awiri kapena atatu.

Makolo ambiri amaidziwa sickle cell chifukwa cha ululu wa m'mafupa, maso achikasu, kutupa kwa zala za mwana wakhanda, ndi kuikidwa magazi pafupipafupi. Za mitsempha ya mu ubongo sizikambidwa kawirikawiri, koma kuwonongeka kwake kumachitika m'njira zitatu zothandizana. Poyamba, magazi akachepa mtima umapopa mwamphamvu kuti ubongo usasowe okosijeni, ndiye magazi amathamanga kwambiri n'kumawomba pamphanda paja. Kenako maselo opindika aja amamata ndi kukanda khoma la m'kati mwa mtsempha. Chachitatu, maselo akasweka amatayira himogulobini m'magazi, ndipo imeneyi imameza nitric oxide, mpweya womwe khoma la mtsempha limapanga kuti likhale lomasuka ndi losalala. Khoma lovulazidwa tsiku ndi tsiku motere limadzikonza pokhuthala, ndipo limakhuthala pamalo omwe aja, kumapeto kwa carotid ndi poyambira nthambi zake. Mwana wa ku Mchinji kapena ku Chipata amene alibe jini ya ku Japan ija amafika pa chithunzi cha utsi chomwecho, atadzera njira ina.

Ziwerengero zake si zazing'ono. Kafukufuku wamkulu wa ku United States, wofalitsidwa mu 1998, anapeza kuti popanda njira zopewera, odwala sickle cell yaikulu pafupifupi 11 pa 100 alionse amachita sitiroko asanakwanitse zaka 20. Ndipo pa kagulu ka odwala omwe anali atachita kale sitiroko, kafukufuku wina wa mu 2002 anapeza timitsempha ta moyamoya mwa pafupifupi 4 pa 10 alionse, ndipo amenewa ndi omwe vuto linkawabwerera kwambiri. Ndikaganizira kuchuluka kwa ana obadwa ndi sickle cell mu Africa muno, kumene kuli ambiri mwa ana onse otere padziko lapansi, mawu oti matenda osowa amandivuta kuwalandira mosavuta. Kuti moyamoya adziwike pamafunika makina ojambula m'kati mwa mutu otchedwa MRI kapena kujambula mitsempha, ndipo mwana wa kumudzi amene dzanja lake linalefuka kwa mphindi 10 safika pa makina amenewo.

Chosangalatsa n'chakuti pa njira iyi, mosiyana ndi ya RNF213, pali pogwira. Pali kamakina kotchedwa transcranial Doppler komwe amakagunditsa pafupi ndi khutu, pamene fupa la mutu ndi lopyapyala, n'kuyeza liwiro la magazi m'mitsempha ya m'kati. Sikabaya, sikapweteka, ndipo kamanyamulika. Liwiro likafika masentimita 200 pa sekondi, ndiye kuti mtsempha waning'a ndipo mwana ali pangozi, monga mmene madzi amathamangira mukapana kukamwa kwa paipi ndi chala. Kafukufuku wotchedwa STOP, wotsogoleredwa ndi Robert Adams mu 1998, anasonyeza kuti ana otere akamaikidwa magazi mwezi ndi mwezi, ngozi ya sitiroko yoyamba imatsika ndi magawo oposa 90 pa 100. Kuika magazi mwezi uliwonse n'kovuta kumene magazi ndi osowa, n'chifukwa chake ofufuza ku Kano, ku Nigeria, anayesa mapiritsi a hydroxyurea, omwe amachititsa thupi kupanganso himogulobini ya mtundu womwe mwana amakhala nawo ali m'mimba, yomwe sipinda maselo. Liwiro la magazi linatsika, ndipo ana ochita sitiroko anali ochepa. Mankhwalawa si odula ngati opaleshoni ya mutu. Ndimaona kuti kholo lililonse la mwana wa sickle cell liyenera kuwafunsa kuchipatala, ndiponso kunena momveka ngati mwana analefukapo mbali imodzi, kusowa mawu, kugwa ngati wakhunyu, kudandaula mutu m'mawa kawirikawiri, kapena kubwerera m'mbuyo m'kalasi popanda chifukwa chooneka. Tisitiroko ting'onoting'ono tosaonekera kunja timadya nzeru za mwana mwakachetechete, ndipo aphunzitsi amangoti wayamba ulesi.

Mwa akuluakulu, makamaka ku East Asia, matendawa amaonekeranso mwa njira ina. Timitsempha ta utsi tija, tomwe tanyamula katundu woposa msinkhu wake kwa zaka zambiri, timapyapyala, tina timatupa ngati chubu cha njinga chofooka, ndipo tsiku lina kamodzi kamaphulika. Pafupifupi theka la odwala akuluakulu kumeneko amafika kuchipatala magazi atatayikira mu ubongo, mutu ukupweteka mwadzidzidzi kuposa kale lonse.

Palibe mankhwala omwe amatsegulanso mtsempha woning'a kale. Aspirin amathandiza kuti magazi asaundane m'njira yopapatizayo, ndipo madokotala amalangiza kumwa madzi okwanira. Chithandizo chenicheni ndi kupatsa ubongo msewu wina wochokera kunja kwa chigaza. Pali mtsempha womwe mumaumva ukugunda mukagwira kutsogolo kwa khutu, wodyetsa khungu la pamutu, ndipo moyamoya saukhudza kawirikawiri. Njira imodzi ndi kuusokerera mwachindunji ku mtsempha wa pamwamba pa ubongo, wochepa ngati milimita imodzi, ndi ulusi wopyapyala kuposa tsitsi. Opaleshoni yotere anayamba kuichita Gazi Yaşargil ku Zurich mu 1967, ndipo kafukufuku wa ku Japan wa mu 2014 anasonyeza kuti imachepetsa kutayikiranso kwa magazi mwa akuluakulu.

Kwa ana, omwe mitsempha yawo ndi yaing'ono kwambiri kuti isokedwe, amakonda njira ina yotchedwa EDAS, yomwe Yoshiharu Matsushima ndi anzake anaifotokoza mu 1981. Dokotala amamasula mtsempha wa pakhungu uja osaudula, amatsegula kazenera pa fupa, n'kuugoneka pamwamba pa ubongo, basi. Salumikiza chilichonse. Ubongo wanjala uja umatulutsa mankhwala oitana mitsempha, ndipo m'miyezi yotsatira timizu tatsopano timamera kuchokera ku mtsemphawo n'kulowa m'kati, monga mmene mphanda ya mbatata imagwirira ukaikwirira m'nthaka yonyowa. Ana a sickle cell ndi a Down syndrome nawonso amachitidwa opaleshoni imeneyi. Ikagwira bwino, akamujambulanso mwana patapita miyezi 6 kapena chaka, mtsempha wa kutsogolo kwa khutu uja umaoneka utanenepa, ndipo kamtambo ka utsi ka pansi pa ubongo kamakhala katayamba kuzimirira.